Thandizeni nzeru pa discharge ya amuna anga

Abale, ndikupempha amene munadutsamo kale. Amuna anga anali msilikali wa US Army, anakamenya nkhondo ku Iraq, ndipo anatuluka usilikali mu 2012 ndi discharge (katulukidwe ka usilikali) ya General, yomwe ndi yotsikirapo poyerekeza ndi Honorable. Mawu amenewa pa DD-214 yawo (chikalata chotulukira usilikali) akuwatsekereza ndalama za sukulu za GI Bill (thandizo la boma la America kwa asilikali akale), poti pamafunika Honorable.

Kulakwa analakwadi, atabwerako ankamwa mowa mosadziletsa. Koma pambuyo pake madokotala anawapeza ndi PTSD (matenda a maganizo obwera munthu akadutsa m'zoopsa), ndipo mpaka lero usiku sagona. Zimandiwawa kwambiri.

Tikufuna kupempha kuti discharge yawo isinthidwe kukhala Honorable. Discharge Review Board, bungwe lounikanso ma discharge, imalandira fomu yopemphera zimenezi ya DD 293 zaka 15 zisanathe chitulukire usilikali, ndiye nthawi ikutithera. Kodi kalata ya dokotala ndi yokwanira, kapena tipeze loya? Nanga kukaonekera pamaso pa bungweli kumathandiza kuposa kungotumiza mapepala?