Kodi malo amene anaphulitsirako mabomba a nyukiliya "amtendere" amawayang'anira bwanji?

Nachisale:
Pakati pa 1965 ndi 1988, dziko la Soviet Union linaphulitsa mabomba a nyukiliya kokwana 124 pansi pa nthaka pofuna kugwira ntchito za chitukuko, monga kukumba madamu, kuzimitsa zitsime za gasi zimene zinabuka moto, kuboola mphanga zosungiramo gasi ndiponso kufufuza mmene miyala inayalirana pansi. Dziko la United States nalonso linachita zimenezi kokwana 27 kuyambira 1961 mpaka 1973 pa pulogalamu yotchedwa Plowshare. Popeza ena mwa malowa ali pafupi ndi midzi, mitsinje ndi migodi, kodi amene amawayang'anira amayeza chiyani kwenikweni? Nanga patapita zaka zonsezi, kuyezako kukadali ndi phindu, kapena kwangosanduka mwambo?

Mbewe_Fizikisi:
Mayi Nachisale, ambiri amaganiza kuti ntchitoyi ndi yongoyenda pamalopo ndi chipangizo choyezera cheza cha nyukiliya, koma chipangizocho chimangosonyeza zimene zili pamwamba, pamene poizoni wochuluka anatsekeka pansi m'miyala imene inasungunuka ndi kutentha kenako n'kuuma ngati galasi. Chimene chingamutulutse kumeneko ndi madzi. N'chifukwa chake akatswiri amatunga madzi m'zitsime, m'mijigo ndi m'mitsinje yozungulira, n'kutenganso dothi, matope a pansi pa mtsinje, nsomba, bowa ndi zipatso zakutchire, kuti akafufuzemo zinthu zotulutsa cheza zimene bomba limasiya, monga tritium, strontium-90 ndi cesium-137. Tritium ndiye amatsogola chifukwa amalowa m'madzi n'kukhala mbali ya madziwo, choncho akayamba kukwera m'chitsime, amakhala atanena kale kuti pansi pali potulukira.

Taganizirani za Globus-1, bomba laling'ono limene linaphulitsidwa pa 19 September 1971 m'chigawo cha Ivanovo ku Russia, mamita oposa 600 pansi, m'mbali mwa mtsinje wa Shacha. Patangopita mphindi pafupifupi 18, madzi, matope ndi mpweya wapoizoni zinatumphuka pambali pa chitsime chimene anatsitsiramo bombalo chifukwa simenti yotsekera sinagwire bwino, ndipo zinapitiriza kutuluka kwa masiku angapo. Madzi a Shacha amakathera mu mtsinje waukulu wa Volga. Chaka chilichonse chipale chikasungunuka, mtsinjewo unkasefukira n'kumaguga gombe kufupi ndi pamene anakwirira dothi loipalo, mpaka boma linakumba ngalande yopatutsira madzi, ndipo patapita zaka zoposa 40 linachotsa dothi loipitsitsa. Pamalo ngati amenewo, woyeza amene sayang'ana gombe ndiye kuti sakuyeza kanthu.

Gondwe:
Zimene a Mbewe afotokoza n'zoona, komabe tisatenge malo amene panachitika ngozi n'kuyesa kuti onse ndi otero. Mabomba ambiri a pulogalamu ya Soviet Union anaphulika pansi kwambiri osatulutsa kanthu kodetsa nkhawa, ndipo amene anaipitsa pamwamba ndi owerengeka: ena chifukwa cha ngozi, ena chifukwa cholinga chake chinali kugumula nthaka, monga Chagan ku Kazakhstan pa 15 January 1965, limene linasiya nyanja yotalika mamita pafupifupi 400 m'mimba mwake, ndi Taiga m'chigawo cha Perm ku Russia mu 1971. Nthawi nayonso ikugwira ntchito yake. Mphamvu ya tritium imatsika ndi theka pa zaka 12 zilizonse, ya cesium-137 ndi strontium-90 pa zaka pafupifupi 30. Pamalo ambiri, cheza chimene munthu wokhala pafupi amalandira kuchokera ku bombalo n'chochepa poyerekeza ndi chimene amalandira kale kuchokera m'nthaka ndi mumlengalenga.

NaBanda_Migodi:
A Gondwe, masamu anuwo amagwira ntchito ngati pansipo sipasintha, koma pansi pamasintha. Kufupi ndi mzinda wa Astrakhan ku Russia anaphulitsa mabomba 15 m'miyala yamchere kuyambira 1980 mpaka 1984 kuti apange mphanga zosungiramo mafuta ochokera ku gasi. Mchere ukapanikizidwa umayenda pang'onopang'ono, motero patangopita zaka zochepa mphanga zambiri zinafota, zinalowa madzi, ndipo madzi amchere apoizoniwo anayamba kukankhidwira m'mwamba kudzera m'mapaipi amene mcherewo unali kudya. Kumeneko kuyang'anira kumatanthauza kuyeza mphamvu yokankha pakamwa pa chitsime ndi kuona ngati zitsulo ndi simenti zikadali zolimba.

Chachiwiri ndi munthu wobwera ndi makina oboolera. Ku Rulison m'chigawo cha Colorado ku United States, bomba la mu 1969 linaphulika pakuya kopitirira makilomita awiri ndi theka pofuna kuswa miyala kuti gasi atuluke, ndipo gasiyo anatulukadi koma anali ndi tritium, kotero sanagulitsidwe. Patapita zaka, makampani anayamba kukumba gasi m'dera lomwelo, ndipo n'chifukwa chake kuboola mozama pamalo enieniwo n'koletsedwa, pamene gasi ndi madzi a m'zitsime zoyandikana amayezedwa. Ine ndimaona kuti chiletso cholembedwa pa mapu ndi m'zikalata za malo chimateteza anthu kuposa chikwangwani, chimene chimachita dzimbiri kapena kuzulidwa ndi ofuna zitsulo.

Nachisale:
Zikomo nonse. Ndiye kodi pali chaka chimene tinganene kuti kuyang'aniraku kudzatha?

Mbewe_Fizikisi:
Kwa cesium ndi strontium chilipo, chifukwa pakatha zaka 300 mphamvu yawo imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Kwa plutonium-239, chitsulo chimene amapangira mabomba a nyukiliya, palibe boma limene lingalonjeze zimenezo, popeza theka la mphamvu yake limatha pa zaka pafupifupi 24,000. M'chigawo cha Yakutia ku Russia, bomba la Kraton-3 la pa 24 August 1978 linatulutsa mtambo umene unaumitsa nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Markha, ndipo plutonium akupezekabe m'ndere ndi m'dothi lapamwamba la m'nkhalangoyo. Kumeneko nthaka imakhala youma ndi chisanu chaka chonse, zimene zathandiza kuti poizoniyo asayende msanga, koma nyengo ikamatentha, kapena nkhalango ikapsa ndi moto wolusa, zimene zinali zitakhazikika zimatha kuyambanso kuyenda. Kuyezako kungachepe, mwina n'kumachitika mwa apo ndi apo pamalo abata, koma sikungathe pamene pali plutonium pamwamba kapena chitsime chakale chimene simenti yake ikukalamba.