Siteshoni ya mafuta ya ku Mpulungu: ndigule kapena nditenge pa lendi?

Wa pa Kapata:
Akuluakulu, mutu waima. Munthu wandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndinene ngati ndigula kapena nditenga pa lendi siteshoni yake ku Mpulungu. Mapampu atatu, matanki awiri apansi, petulo ndi dizilo, kashopu pambali. Ili kumunsi, ukaima pa pampu nyanja ya Tanganyika ukuiona apo. Akuti malita amayenda chifukwa cha asodzi a kapenta ndi mathiraki opita ku doko. Ndamupempha mabuku a dipu (ndodo yoyezera mafuta otsala m'thanki) a miyezi 12, wanditumizira zithunzi za miyezi itatu basi, zinanso zosawerengeka. Layisensi ya ERB, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ili m'dzina lake. Pepala la ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, akuti lilipo, adzafunafuna. Kuno ku Chipata ndayendetsa ya eni ake zaka 6, tsopano ndikufuna yangayanga. Banki yavomera theka. Zoti ndi kutali ndikudziwa kale, musandiuze. Kugula kapena lendi?

Mdala wa ku Petauke:
Mphwanga, simunafike pa funso limenelo. Matankiwo anawakwirira chaka chiti, ndi achitsulo chimodzi kapena a makoma awiri? M'mbali mwa nyanja madzi apansi amakhala pafupi, chitsulo chimadyeka msanga. Pressure test kaye, yoyeza ngati matanki sakudontha, zina pambuyo.

Amayi a Dizilo, Katete:
Ine ndinganene lendi, koma werengani bwino amene ali ndi chiyani. Nthawi zambiri malo ndi a munthu, koma mapampu, denga ndi chikwangwani ndi za OMC, kampani yogulitsa mafuta ku masiteshoni, ndipo pali pangano loti mafuta uzigula kwa iwo okha zaka zakutizakuti. Ine ndinalowa m'malo ena ndili wokondwa, mwezi wachiwiri kunabwera kalata yoti mwini wakale anasiya ngongole ya mafuta a mathiraki awiri. A OMC anatseka oda yanga mpaka nkhani itatha. Masabata atatu anyamata anangokhala pa benchi, ine ndikuwalipira. Pitani nokha ku OMC mukafunse akaunti ya malowo, musatume mwini.

Chinanso, layisensi ya ERB musaiyese katundu wobwera pamodzi ndi makiyi. Lankhulani nawo a ERB musanapereke ngakhale ngwee.

Wa pa Kapata:
Amayi, mapampu akuti ndi ake. Za matanki akuti sanavutepo chikwirireni.

Mdala wa ku Petauke:
Wogulitsa aliyense amatero. Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Chaka china mu February, mvula itagwa masiku anayi, ndinapaka phala lija loonetsa ngati m'thanki muli madzi kunsonga ya dipu, kutulutsa, lasintha mtundu kufika chala chathunthu. Pamenepo n'kuti titathira kale maminibasi awiri ndi galimoto ya sukulu. Zonse zinakazima zisanafike patali. Madalaivala anabwerera ndi mabotolo, pansi madzi, pamwamba petulo, akundiloza nawo kumaso. Ndinalipira makaniko, mafyuluta, kupopa thanki yonse. Dzina la malowo silinabwererenso. Ndipo kumeneko kunali kumtunda, osati kunyanja. Kumene madzi apansi ali pafupi, thanki ikatsala pang'ono kuuma imatha kukankhidwira m'mwamba ngati sanaimange malamba, mapaipi n'kuthyoka. Madzi a Tanganyika akwera zaka zapitazi, mufunse anthu a kumeneko anafika pati.

Chiparamba Boy:
Amdala akunena zoona koma ine langa ndi la malita. Mtengo wa pa pampu ndi umodzi dziko lonse, ERB imalengeza mwezi ndi mwezi, ndiye simungakweze kuti mubweze. Phindu la pa lita ndi lochepa lomwelo, amene amapulumuka ndi wogulitsa zambiri. Tsono asodzi: mwezi ukawala sapita ku kapenta, nyali sizikoka nsomba. Boma likatseka nyanja miyezi itatu, maboti onse ali pamchenga. Miyezi itatu imene anakutumiziraniyo ndi iti? Ndikukayika kuti wasankha yokoma. Funsani ma delivery note a chaka chonse, osati buku lolemba pamanja.

Komanso asodzi amakonda ngongole, zigubu m'mawa, ndalama nsomba zikagulidwa. Buku la ngongolelo mulione.

Wa ku Mwami:
Palibe wanena za malo. Taitolo ilipo? Ya zaka 99, m'dzina la ndani? Kapena ndi kalata ya mfumu chabe? Kachiteni search ku Lands, muone ngati banki ina sinaigwire kale. Msuweni wanga anagula shopu ndi offer letter, lero ana a malemu akuti bambo sanagulitse. Mlandu ukadali m'khoti.

Mdala wa ku Petauke:
Taitolo ikhale yoyera bwanji, ngati pansi pali mafuta otayika, amene wagula akhoza kudzayankha kwa ZEMA. Pafupi ndi nyanja ndi zitsime za anthu si nkhani yamasewera. Ngakhale pa lendi, lembani kuti zowonongeka zakale ndi za mwini, ndipo dothi liyezedwe musanalowe. Koma choyamba matanki.

Amayi a Dizilo, Katete:
Tamva amdala, matanki. Koma testiyo alipire ndani? Mwini akakana?

Mdala wa ku Petauke:
Akakana, wayankha kale. Lachisanu limenelo ndi lake, si lanu.

Chiparamba Boy:
Onaninso zidindo za ZMA, bungwe loona za miyezo, pa mapampu ngati sizinadulidwe. Jenereta ilipo yamphamvu? Chaka cha 2024 madzi a Kariba atachepa magetsi n'kumazimazima, amene analibe anangoyang'ana magalimoto akudutsa.

Wa ku Mwami:
Ndipo mudzayendetsa muli kuti? Kuchoka kuno mpaka Lusaka, Kapiri, Mpika, Kasama, Mbala, ndiye kutsetsereka phiri lija. Manijala wosamuona mwezi wathunthu, dipu amalemba yekha. Pokhapokha musamuke ndi banja.

Wa ku Lundazi:
Alipo wadutsa posachedwa njira ya Chama kutulukira ku Matumbo? Ndili ndi katundu wopita ku Isoka, dalaivala akukana, akuti nthawi ya mvula saiyesa.

Chiparamba Boy:
Katundu wanji, matani angati? Ngati ndi thiraki yaikulu, ndikupatseni nambala ya mnzanga ku inbox, anapita mwezi watha.