Kodi tikamavotera pulezidenti timadziwa kuti tikusankhanso majaji?

Wa_ku_Kawale:
Abale ndithandizeni. Dzulo mu minibasi ya ku Area 25 tinatsutsana kwambiri, bambo wina amati voti ya pulezidenti ndi ya feteleza, mafuta ndi mtengo wa chimanga basi, ine ndimati iyayi pulezidenti yemweyo ndi amene amaika majaji, ndipo jaji amakhalabe pampando pulezidentiyo atachoka kalekale. Ndiye zimayenda bwanji kwenikweni, amangoloza amene wamukonda?

Nachisale_Biwi:
Sangoloza ayi achimwene. Chief Justice amasankhidwa ndi pulezidenti koma Nyumba ya Malamulo iyenera kumuvomereza, ndipo pamafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu amene alipo n'kuvota. Majaji enawo pulezidenti amawaika potsatira mayina ochokera ku Judicial Service Commission (JSC), bungwe loona za ntchito ya majaji. Koma chimene anthu amaiwala ndi ichi, wapampando wa MEC, bungwe loyendetsa zisankho, amayenera kukhala jaji. Jane Ansah anali jaji wa Supreme Court, a Kachale jaji, a Mtalimanja jaji. Ndiye amene akuikidwa kukhala jaji lero mawa akhoza kukhala amene akuwerenga mavoti anu, kapena kumva mlandu wa mavoti omwewo.

Mjomba_Area23:
Ine ndikuvomera kuti nkhaniyi ndi yaikulu koma tisamaganize kuti jaji ndi mwana wa amene anamuika. Andrew Nyirenda anaikidwa kukhala Chief Justice nthawi ya a Peter Mutharika mu 2015, koma pa 8 May 2020 Supreme Court yomwe iye amatsogolera inagwirizana ndi chigamulo chofafaniza chisankho cha a Mutharika omwewo. Ndimakumbukira bwino pa 3 February 2020, tauni yonse ziii, mashopu otseka, tonse makutu pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka usiku, majaji asanu aja Potani, Kamanga, Kapindu, Madise ndi Tembo akuwerenga chigamulo chofafaniza chisankhocho, za Tippex yofufutira zotsatira za mavoti ndi 50+1, yoti wopambana azipeza mavoti oposa theka, asilikali a MDF akuwaperekeza. Ndinalira tsiku limenelo, sindinama. Ndipo mwezi wa June boma litafuna kuti a Nyirenda apite kutchuthi chodikira kupuma ntchito chisankho chobwereza chitatsala masiku ochepa, maloya anayenda mumsewu atavala mikanjo yawo ndipo khoti linaletsa. Chinatipulumutsa ndi chakuti pulezidenti sangamuchotse jaji mwachisawawa.

Nachisale_Biwi:
Zoona mjomba, koma amenewo analimba mtima chifukwa analowa bwino. Nanga ku JSC kukamadutsa mayina a anthu achipani zaka zisanu zathunthu? Ine chimandiwawa n'chakuti pa kampeni palibe amafunsa zimenezi, ngakhale pa dibeti.

Chimwemwe_47:
Ku America ndiye nkhaniyi amaitenga ngati ya kampeni penipeni. Supreme Court yawo ili ndi majaji 9 ndipo alibe zaka zopumira, Trump pa teremu yake yoyamba anaika atatu, Gorsuch, Kavanaugh ndi Barrett, ndipo mu 2022 khotilo linagwetsa chigamulo cha 1973 cha nkhani yochotsa pakati. Anthu ena kumeneko amavota chifukwa cha khoti lokhalo.

Wa_ku_Kawale:
Zikomo nonse. Achemwali a ku Biwi, ndiye mu JSC mumakhala ndani, ndipo iwowo amawaika ndi ndani? Pamenepo ndi pamene ndikufuna ndimvetse bwino.