Anthu a Down syndrome kuno ku Eastern angakhale angati?

Aphunzitsi_Kapata:
Abale ndithandizeni. Tili ndi kagulu ka makolo a ana olumala kuno ku Chipata, tifuna kulemba kalata yopempha thandizo manje pafomu afunsa kuti anthu a Down syndrome (vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa mwana kukula ndi kuphunzira) mu chigawo chino cha Eastern ni angati. Ine ndatenga chabe kalembera wa 2022 amene anapeza anthu opitirira 2.4 miliyoni ku Eastern, ndagawa ndi 1,000 pakuti a United Nations amati mwana mmodzi pa 1,000 kapena 1,100 amabadwa nayo, zandipatsa 2,400. Ndilembe imeneyi?

Masamu_Katete:
Aphunzitsi musalembe imeneyo. Nambala ija ya 1,000 imakamba za ana OBADWA, osati anthu amene ali moyo lero. Yambani ndi obadwa, ku Zambia pa anthu 1,000 alionse pamabadwa ana opitirira 30 pachaka, ndiye ku Eastern tinene ana pafupifupi 80,000, mwa iwo a Down syndrome angakhale 70 kapena 80 pachaka. Mwina kuposa, chifukwa kuno azimayi amabereka mpaka zaka 40 ndi kupitirira ndipo pamsinkhu umenewo zimachitika kwa mmodzi pa 100, pamene mtsikana wa zaka 20 ni mmodzi pa ana opitirira 1,000.

Chovuta ni chakuti angati amakula. Pafupifupi theka la anawa amabadwa ndi vuto la mtima, chibayo nacho chimawagwira kawirikawiri, ndiye mwana wa ku Vubwi kapena Chasefu wofuna opaleshoni ya mtima afike ku Lusaka ndi ndalama ziti? Ku America mu 1983 anthuwa ankafika zaka 25 chabe, lero amafika 60, mankhwala ndiwo anasintha. Ndiye 2,400 yanuyo yachulukitsa akuluakulu amene ambiri anatisiya ali makanda.

NaChisomo:
Zoona ba Masamu. Wanga ali ndi zaka 9, pa khadi ya ku sikelo panalibe polembedwa Down syndrome, anangolemba kuti akuchedwa kukula basi, tinadzauzidwa ali ndi zaka zitatu titapita chifukwa cha chifuwa. Ndiye mukawerenga makhadi wanga simumupeza. Kumudzi kwathu kulinso wina wamkulu ndithu amakhala kuseri kwa nyumba, agogo ake amati anthu adzanena kuti munakhwimira chuma, alendo akabwera amamutsekera.

Aphunzitsi_Kapata:
Iii zomvetsa chisoni amake Chisomo. Nanga a kalembera sanafunse?

Masamu_Katete:
Amafunsa ngati munthu avutika kuona, kumva, kuyenda, kukumbukira, kudzisamalira kapena kulankhulana ndi anzake, safunsa dzina la vutolo. Kuti utsimikize umayenera kupima magazi nkuona chromosome 21 (tinthu ta m'maselo tonyamula chibadwa cha munthu) kuti zilipo zitatu m'malo mwa ziwiri, pakiliniki yakumudzi zimenezo kulibe, amaona nkhope chabe.

Ine ndikanalemba obadwa pachaka aja, nkunena poyera kuti ni chiyerekezo, kenako nambala ya ana amene kagulu kanu kawaona ndi maso. Pitaninso ku ZAPD (bungwe la boma loona za anthu olumala) ndi ku Social Welfare mufunse amene analembetsa makhadi a ulumali, ndi masukulu okhala ndi special unit, kalasi ya ana olumala.

NaChisomo:
Funsaninso anyakwawa ndi azimayi a SMAG (magulu a m'midzi othandiza za uchembere wabwino), aja amadziwa khomo lililonse. Pa 21 March, tsiku la Down syndrome padziko lonse, mukapanga zokumana mundiuze tibwera naye, koma muganizireko transipoti ya ochokera kutali ngati ku Chipangali.