Gulu la "Kwathu ku Lizulu": za ulendo wa Ababa ndi Amayi

Lachisanu madzulo

Achimwene Joni: Mwaswera bwanji nonse? Nkhani tinaiyamba pa Khirisimasi ija tiimange tsopano. Ogasiti akubwerayu Ababa ndi Amayi akukwanitsa zaka 50 ali pabanja. Phwando lichitike pamudzi monga tinanenera, koma likatha tiwatenge akapume. Maganizo anga ndi oti abwere kuno. Masiku atatu ku Kruger akaone nyama, agone malo apamwamba, kenako ndege ya ku Cape Town. Akakwere phiri la Table Mountain pa kangolo koyenda pachingwe kaja, akaonenso Robben Island komwe Mandela anakhala zaka 18 ali mkaidi.

Mzime: Eee achimwene, mwatola chikwama kodi?

Azakhali: Ndawerenga kawiri, ndimayesa ndi maso angawa. Ndalama zonsezo kukaonera njovu? Khitchini ya mlongo wanga ikudontha inu mukuti Cape Town.

Achimwene Joni: Azakhali, ya malata ndinatumiza kale mwezi watha, alamu angachitire umboni.

Alamu: Zoona azakhali, malata afika, tikudikira kalipentala.

Achimwene Joni: Chomwe chikundiwawa ndi ichi. Ababa anabwera kuno ndi Wenela ali mnyamata. Anagwira ntchito pansi pa nthaka, koma Joni weniweni sanamuone. Chomwe amadziwa ndi komponi ndi mgodi basi. Ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa zopita ku migodi, iwo n'kubwerera kumudzi osadzapondanso kuno. Ndikufuna abwere ulendo uno atavala jekete, wina aziwatsegulira chitseko cha galimoto.

Malume: Mawu amenewo ndi aakulu mphwanga. Sindikutsutsa. Koma eni ake mwawafunsa?

Achimwene Joni: Timafuna tiwadzidzimutse.

Malume: Munthu wa BP sadzidzimutsidwa.

Achemwali Blantyre: Ndangoweruka kumene, ndawerenga zonse. Achimwene, mtima wanu ndaumva, koma tiyeni tiwerengere bwino. Viza sifunika pa ulendo waufupi, ndi zoona, koma Amayi chibadwire sanakhalepo ndi pasipoti, ndipo Ababa alibenso. Chachiwiri, kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Kruger ndi maola ngati asanu pamsewu, kenako kubwereranso, kenako maola awiri m'ndege kupita ku Cape Town. Mawondo a Amayi mukuwadziwa. Ndiye Ogasiti ku Cape Town ndi nyengo ya mvula ndi chisanu. Mphepo ikakula kangolo kaja amakaimitsa, boti la ku Robben Island nalonso silinyamuka nyanja ikawinduka. Mutha kulipira zonsezo n'kukangokhala m'hotela kuonera mvula pawindo.

Achimwene Joni: Anthu a ku Lizulu aope chisanu?

Achemwali Blantyre: Chathu n'chouma achimwene, chimatha ndi mbaula.

Mzime: Ndilankhuleko ine wamng'ono? Zonse achimwene atchulazo, nyama, malo apamwamba, tauni, zilipo konkuno. Azungu amakwera ndege maola ambirimbiri kudzaona zomwe ife timazidutsa tili m'minibasi.

Achimwene Joni: Iwe, Kruger ndi dziko palokha. Usayerekeze ndi tinkhalango tathu.

Mzime: Kukula kokha mwawina, sindikana. Koma Majete si ija mumaidziwa muli pasukulu. Bungwe losamalira nkhalango la African Parks linaitenga mu 2003 itatheratu ndi opha nyama mozemba. Chaka chomwecho anabweretsa zipembere, njovu mu 2006, mikango mu 2012, kenako akadyansonga mu 2018. Pano zonse zisanu zotchuka zija zilimo: mkango, kambuku, njovu, njati ndi chipembere. Liwonde anaitenga mu 2015, ndipo nakonso mikango inabwerera mu 2018. Njovu zinachulukana mpaka anachita kusamutsa pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita nazo ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Simunaone malole aja pa TV?

Msuweni: Ine ndinakumana nawo pamsewu. Lole yake kutalika ngati sitima.

Azakhali: Njovu kukwera lole, ine azakhali anu ndikuyenda pa kabaza.

Mzime: Ndiye ulendo ungayende chonchi. Kunyamuka pa Lizulu m'mawa, M1 kudutsa pa boma la Ntcheu, kukhota pa Chingeni, Balaka, mpaka Liwonde. Kugona kumeneko masiku awiri. Kenako Zomba, tikwere phiri, nkhomaliro ku Ku Chawe, tikaime pa Emperor's View pomwe anaimapo Haile Selassie mu 1965. Blantyre tsiku limodzi kapena awiri, n'kutsikira ku Chikwawa kukamalizira ku Majete.

Achimwene Joni: Hmm.

Malume: "Hmm" wa chisamba ndi "ayi" waulemu. Alamu athu a pakhomo, mawa mukawafunse eni ake mwanzeru, osaulula zonse. Tigone.

Loweruka

Alamu: Mwadzuka bwanji nonse. Ndawafunsa tikumwa tiyi. Ndinangoyamba ngati nkhani, kuti kodi atapezeka wokulipirirani ulendo mungakonde kuti. Ababa aseka, akuti "ameneyo ndi mwana wanga wa ku Joni, muuzeni Joni ndinamuona kokwanira." Anena mosakwiya achimwene, musadandaule. Akuti chomwe sanachionepo ndi mkango wamoyo, amangoudziwa pa bokosi la machesi a Lion omwe ankagula ku komponi.

Mzime: Kudzidzimutsa kuja kwathera pomwepo.

Alamu: Amayi poyamba akana, akuti nkhumba ndi dimba la kachewere asiyira ndani. Nditawauza kuti ine ndilipo, ayamba kufunsa ngati ku Blantyre tingakafike ku tchalitchi chakale cha pa mishoni chija. Anzawo a Chigwirizano anapitako, ndiye nkhani yake siitha pa mpondo.

Achemwali Blantyre: St Michael and All Angels. Ndi pafupi ndi kwathu kuno. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo m'busa yemwe anatsogolera ntchitoyo, David Clement Scott, sanaphunzire za zomangamanga. Njerwa zake anaumba ndi kuwotcha pomwepo anthu akuda anzathu. Tikakonza kuti tikafike Lamulungu akhoza kupempheramo. Kuchoka apo Mandala House ya 1882 ili chapafupi, kenako ku Chichiri ku nyumba yosungira zinthu zakale, kuli mainjini akale a sitima panja paja, Ababa akakondwa nawo.

Achimwene Joni: Chabwino, ndagonja. Koma chinthu chimodzi musandiphwanyire. Asakagone malo wamba ayi. Ndikufuna kumene munthu amakulandira ndi kansalu konyowa kopukutira kumaso, bedi loyang'ana kumtsinje, chakudya n'kumabwera chokha.

Mzime: Amenewo alipo. Ku Liwonde kuli Mvuu Lodge ndi Kuthengo, m'mbali mwa Shire. Ku Majete kuli Mkulumadzi. Koma mumve bwino kawerengedwe kake. Mtengo amatchula m'madola, pa munthu mmodzi, pa usiku umodzi. Osati pa chipinda ayi. Ndipo malo ngati amenewa ndi madola mazana angapo.

Azakhali: Pa munthu mmodzi? Usiku umodzi? Bedi lake limachiritsa nyamakazi?

Mzime: Muli zambiri azakhali. Chakudya chonse cha tsikulo, galimoto yotsegula m'mbali yokaonera nyama m'mamawa ndi madzulo, woyendetsa wodziwa mapazi a nyama ndi kulira kwa mbalame, ndipo ku Liwonde muli ndi boti pa Shire. Dzuwa likamalowa amaimika galimoto pamalo poonekera bwino n'kukutsanulirani chakumwa.

Malume: Chakumwa chanji?

Achemwali Blantyre: Cha Ababa ndi Fanta, amalume. Ndi mkulu wa mpingo.

Malume: Ndimafunsira ena.

Mzime: Chinanso, Amalawife tili ndi mtengo wathu. Polowa pageti timalipira zochepa kuyerekeza ndi alendo akunja, ndipo maloji ambiri ali ndi mtengo wa anthu okhala m'dziko muno, koma suuona ukapanda kufunsa. Aliyense atenge chitupa cha unzika. Lolemba ndilemba makalata kufunsa mitengo yeniyeni, tisamangoyerekeza.

Achemwali Blantyre: Ufunsenso ngati amalola kulipira m'makwacha, ndi pa mtengo uti wa dola. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, sindikufuna zidzatipeze tili pakati pa kusonkha. Ngati n'kotheka tilipire gawo loyamba msanga.

Achimwene Joni: Za maloji a Ababa ndi Amayi zisiyeni kwa ine, ndilipira ndili konkuno. Inu sonkhani za mafuta, chakudya cha panjira ndi malo a operekeza.

Malume: Pamenepo pa operekeza ndi pomwe ndimadikira. Ukwati umenewu nkhoswe yake yotsala ndine ndekha. Anzanga onse anatsogola. Milandu ya banja limeneli ndaiweruza zaka 50 popanda malipiro. Ndiye mukaone mkango ine ndili ku Bembeke kupalira kabichi?

Mzime: Milandu yake iti amalume? Tiuzeniko umodzi.

Malume: Iwe unali usanabadwe, khala chete.

Azakhali: Ngati akuchikazi akupita, akuchimuna tisatsale. Mlongo wanga sangayende wopanda wa kwawo.

Achimwene Joni: Azakhali, si inu mumati ndalama zikuonongeka?

Azakhali: Zikuonongekadi. Ndiye ndikaone ndi maso anga mmene zikuonongekera.

Achemwali Blantyre: Tamverani. Tonse sitingagone malo a madola mazana, tisanamizane. Eni chikondwerero agone apamwambawo, ndipo ine ndikhale nawo pafupi chifukwa cha mankhwala. Enafe ku Liwonde kuli Mvuu Camp yomwe ndi yotsikirapo mtengo, kapena malo ogona m'tauni n'kumalowa m'nkhalango masana. Ku Blantyre nonse mugona kwathu, matiresi alipo. Ababa ndi Amayi okha ndiwo apite ku hotela.

Mzime: Za ku Majete ndili ndi nkhawa imodzi. Kuti ufike ku Mkulumadzi umawoloka mtsinje wapansi pa mlatho wolenjekeka pazingwe. Kwa ife ndi zosangalatsa, koma Amayi?

Alamu: Amayi sawoloka ngakhale kamlatho ka mitengo ka kudimba kaja, amazungulira. Iwalani.

Mzime: Ndiye Thawale. Ili chapafupi ndi geti, ndipo kutsogolo kwake kuli dziwe lomwe nyama zimabwera kudzamwa. Munthu umangokhala pampando, njiri, mbawala, nthawi zina njovu, n'kumabwera zokha. Tsiku lomwe mawondo avuta sakataya kanthu. Mathithi a Kapichira nawonso ali konko.

Achimwene Joni: Bola zapamwamba zenizeni zichitike ku Liwonde.

Msuweni: Galimoto ndi yanga ija ya mipando 15, ndiikonzeratu. Ndingopempha ziwiri. Ya mafuta mundipatse sabata imodzi ulendo usanafike, kuti akavuta ndisakagone pamzere tsiku lonyamuka. Ndipo potsika ku Chikwawa pa Thabwa paja tidutse kukuwala, makhotawo si ocheza. Za ku Mvuu, njira yomwe ndimaidziwa ine ndi yodzera pa Ulongwe, msewu wafumbi mpaka pamtsinje, galimoto n'kutsala tsidya lino, anthu n'kuwoloka pa boti.

Alamu: Boti? Mvuu zili momwemo?

Msuweni: Zili momwemo alamu, ndi ng'ona zomwe. Koma kuwoloka kwake ndi kwa mphindi zochepa, ndipo oyendetsawo ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Alamu: Izi ndikawauza tili kale m'galimoto.

Malume: Ayi, auzeni lero. Mlongo wanga ndimamudziwa, akhoza kukhala pansi pa doko n'kuyamba nyimbo ya m'buku.

Mzime: Kulinso njira ya pamtunda yolowera ku geti la kufupi ndi tauni ya Liwonde, nthawi ya chilimwe imayendeka. Ndifunsa zonse ziwiri.

Achemwali Blantyre: Tsiku. Ndikuti sabata yachitatu ya Ogasiti. Ana amakhala ali pa holide, udzu wauma, nyama zimasonkhana kumadzi, ndipo kutentha kwa ku Chikwawa kumakhala kusanafike poipa. Okutobala anthu a kumapiri ngati ife kumeneko tikhoza kukomoka.

Malume: Onetsetsani kuti zisagundane ndi Umhlangano. Alamu anga sajomba kwa Nkolimbo, mkango kapena ayi.

Achemwali Blantyre: Tikhala titabwerako. Zovala: majuzi a m'mamawa, chifukwa galimoto yotsegula ija imanyamuka kusanache bwino ndipo mphepo yake imalowa m'mafupa. Suti yakuda ya Ababa ivalidwe ku tchalitchi kokha. M'nkhalango zakuda ndi zabuluu zimaitana kashembe. Za malungo ndikonza ine, kuchigwa udzudzu ndi wambiri kuposa kwathu.

Alamu: Zodzuka m'mamawazo musade nazo nkhawa, nthawi imeneyo Amayi amakhala atasesa kale bwalo lonse. Koma afunsa kuti kumalo a azunguwo nsima iliko? Akuti masamba osaphika aja iwo ayi.

Mzime: Ophika ake ndi Amalawi anzathu. Tikanena pasadakhale aphika. Ndiika m'kalatamo.

Azakhali: Ulembenso kuti ya ufa woyera, osati mgaiwa. Ndipo ndiwo zisakhale zotsekemera.

Achemwali Blantyre: Msungichuma ndine monga kale. Ogwira ntchito K150,000 pamwezi kuyambira mwezi uno, tidzaonanso Mzime akabwera ndi mitengo. Tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money, achimwene pa Mukuru. Mukatumiza ikani umboni pagulu pano, osati kundiimbira usiku kuti "mwaiona?" Amalume ndi azakhali simusonkha ndalama.

Azakhali: Ine ndibweretsa nkhuku ziwiri zootcha ndi thobwa wa panjira.

Malume: Ine ndibweretsa ulemu wanga.

Msuweni: Amalume, mpando wakutsogolo ndi wa Ababa, ndanena kale.

Malume: Tidzakambirana pa Lizulu.

Achimwene Joni: Mzime, ufunse mitengo ya masiku awiri ndi ya masiku atatu ku Liwonde, ndione pomwe ndingafike. Tikiti yanga ndigula yotsikira ku Chileka, ndidzabwerere komweko tikachoka ku Majete.

Mzime: Ndamva. Alamu, nditumizireni zithunzi za zitupa za Ababa ndi Amayi kumbali, maloji akafuna mayina monga alembedwera.

Alamu: Cha Ababa chilipo. Cha Amayi akuti anachisunga pabwino, ndiye tikuchifunafuna.