Meya tizimusankha tokha, kapena chipani chizitisankhira?

NaBanda (Ulongué):
Abale, ndithandizeni maganizo. Ine ndimagulitsa kachewere pamsika kuno ku Mozambique, ndipo msonkho wa munisipiyo ndimapereka tsiku ndi tsiku. Mu 2013 ankatipatsa mapepala awiri, lina la meya, lina la asembuleya (khonsolo ya tauni). Kuyambira 2018 pepala ndi limodzi: umachonga chipani, ndipo amene ali pamwamba pa lista ya chipani chopambana ndiye meya. Zimenezi sizindikhalira bwino. Munthu wosunga ndalama zanga ndimafuna ndimuloze ndekha ndi chala changa. Kodi ndikulakwa?

Aphunzitsi a ku Moatize:
Simukulakwa mayi. Lamuloli lidatuluka pa zokambirana za pulezidenti wa nthawiyo Filipe Nyusi ndi mtsogoleri wa chipani cha Renamo Afonso Dhlakama, ndipo ife a m'matauni palibe adatifunsa. Taonani za ku Beira. Mu 2008 Renamo idamutaya meya Daviz Simango, iye nkuima payekha, anthu nkumupatsanso mpando chifukwa ntchito yake ankaiona ndi maso. Lero munthu wotere ayenera kuyamba wasonkhanitsa gulu la nzika ndi lista yonse ya asembuleya, chinthu chovuta kwa wopanda chipani. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: meya wa ku Nampula Mahamudo Amurane ataphedwa mu 2017, anthu adavotanso mu 2018. Koma Simango atamwalira mu 2021, Albano Carige adalowa m'malo popanda chisankho china. Meya wa pa lista amaopa kwambiri akuluakulu omwe adamuika pamwambapo, chifukwa iwowo ndi amene angamuchotsepo ulendo wotsatira.

Achimwene a ku Matundo:
Aphunzitsi, pepani nditsutseko. Simango yemweyo mu 2008 adapambana alibe anthu ake mu asembuleya, ndipo bajeti imavomerezedwa kumeneko. Meya akamakokana ndi asembuleya zaka zisanu, zinyalala pamsika achotse ndani? Komanso wa pamwamba pa lista sabisika, nkhope yake imakhala pa zikwangwani kampeni yonse. Anzathu a ku Lilongwe ndi Blantyre meya amasankhidwa m'khonsolo, osati ndi anthu wamba, ife tiliko bwino.

Gogo wa ku Tsangano:
Ana inu mukukangana za meya chifukwa muli naye. Kuno kulibe munisipiyo, wolamulira boma lathu amachita kutumizidwa. Adatilonjeza chisankho cha maboma mu 2024, koma mu 2023 adasintha malamulo nkuchikankhira kutsogolo. Ine ngakhale pepala limodzilo ndingalilandire ndi manja awiri.

NaBanda (Ulongué):
Agogo, mwandikhudza mtima, dandaulo lanu ndi lalikulu kuposa langa. Koma achimwene a ku Matundo, nkhope ya pachikwangwani sindikuikana ayi. Nanga ndikafuna munthuyo koma chipani chake sindikuchifuna, ndichonge pati?