Ndithandizeni kumvetsa zochita za Mavericks ndi Cowboys

Anzanga okonda masewera a ku America, ndikupempha nzeru. Ndimasapota Dallas Mavericks, timu ya basketball ya mu ligi ya NBA, moti ndimadzuka 3 koloko m'bandakucha, bulangete kumutu, foni m'manja, kuti ndiwaonere. Mtima ukundiwawabe kuyambira mu February 2025, pomwe adapereka Luka Dončić ku Lakers kutatsala masiku ochepa kuti msika wosinthana osewera utsekedwe. Mnyamata wa zaka 25 amene adatifikitsa mu fainolo mu 2024! Tidalandira Anthony Davis, Max Christie ndi mwayi umodzi wokha wosankha wosewera mu 2029, ndipo Davis adavulala pa gemu yake yoyamba. Kodi chimaikakamiza timu n'chiyani kuti ithamange chonchi tsikulo likamayandikira? Adaopa kontilakiti ya madola 345 miliyoni imene Luka akadasaina, kapena pali lamulo la malipiro limene sindikulimvetsa?

Funso lina ndi la Dallas Cowboys mu NFL, ligi ya mpira wa chiAmerica (American football). Atapereka Micah Parsons ku Green Bay, adapeza Kenny Clark ndi mwayi wowonjezera wosankha m'gawo loyamba la draft (nthawi yomwe matimu amasankha osewera atsopano) ya 2026 ndi ya 2027. Pa mwayi umenewu, akufunika kwambiri ndani: wothamangitsa quarterback (woponya mpira wa timu inayo), kapena cornerback (wotchinga olandira mpira)? Ine ndikuti woyambayo, koma mpira umenewu ndangouyamba kumene, ndiye ndiongoleni.